Geji ya Agogo

Ndikakumbukira agogo aamuna, mphuno zanga zimadzaza fungo la petulo wosakanizika ndi fodya wa labu, ndipo ndimawaona atagona chagada pa saka pansi pa galimoto yawo yakalekale, mapazi okha ali kunja. Anali dalaivala wa ku boma ku Chadiza, ndipo atapuma ntchito anabwera nayo galimotoyo kumudzi kwathu ku Mlolo. Agogo aakazi ankaitcha mkazi mnzawo, ati chifukwa inkasambitsidwa kawiri pa mlungu pamene iwo sanagulidwepo ngakhale sopo wonunkhira.

Chaka chimene ndinali mu giredi 4, galimoto inawathera mafuta kawiri pa msewu wa ku Zingalume, mpaka kukokedwa ndi ng'ombe, ana akukuwiza m'mbuyo. Agogo anati geji yoonetsa mafuta yafa. Masiku atatu anaisasula: anasintha fyuzi, anapala mawaya ndi mpeni, anatukwana makoswe, kenaka anatulutsa kampira koyandama ka mu tanki n'kukagwedeza pakhutu kuti amve ngati kalowa mafuta. Zonsezi ankachita ndi zala, nkhope atayang'ana kumbali, ine n'kumati ndiwo ukatswiri.

Tsiku lachitatu anandikhazika pa chiwongolero.

"Tembenuza kiyi, Tisa. Ndikakweza kampiraka, undiuze ngati muvi ukugwedezeka."

Anakweza, muvi unakwera. Anatsitsa, unatsika. Anabwera kudzasuzumira okha, mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi, n'kupukusa mutu kuti geji yafa ndithu.

"Agogo, muvi si uwu uli pakatipa? Simukuuona?"

Anayamba kupukuta manja pa kansanza. Apo m'pamene ndinaona kuyera kwa ng'ala m'maso mwawo.

"Izi zithere pompano, mwana wanga. Amalume ako akamva, makiyi apita."

Kuyambira pamenepo sankayenda popanda ine. Ndinkawawerengera mafuta, kuwauza za mbuzi, njinga ndi maenje, iwo akuyendetsa pang'onopang'ono ngati ngolo. Ndinkadzimva ndine munthu wamkulu, ndipo kudzimvako n'kumene kunandipweteketsa. Amalume atabwera kuchokera ku Chipata ndi geji yatsopano m'kabokosi, ine pakamwa lakalaka: "Mwavutikiranji? Geji ndi yabwino. Maso a agogo ndine!"

Amalume anaimika zala zitatu patsogolo pa agogo. Agogo anati ziwiri. Madzulo ake makiyi anali m'thumba la amalume.

Agogo sanandikalipire ngakhale kamodzi, ndipo bola akanandikalipira. Galimoto inakhala pansi pa mtengo wa mango mpaka matayala kuphwa, koma masana aliwonse ankalowamo, kugwira chiwongolero ndi manja onse awiri, n'kuitana: "Tisa, tabwera undiuze, tafika pati?" Manyazi ankandigwira, ndipo ndinkathawira kwa anzanga kukasewera phada ngati sindinamve. Anamwalira ndili ku sekondale.

Lero ndikudziwa kuti amalume sanalakwe. Tsiku lina tikanapha mwana wa eni. Kuulula kuja ndinadzikhululukira kalekale. Chimene chimandiwawa mpaka pano ndi mpando uja ndinkausiya wopanda munthu. Ndimawasowa agogo, ndipo ndimalakalaka masana amodzi okha, nditsegule chitseko chija, ndikhale pambali pawo, ndiwauze kuti msewu uli bwino, apitirize, Chadiza yayandikira.