A Manjemanje ndi Mendulo ya Esitele

Dzina lawo la ubatizo ndi Cyprian, koma mukafunsa choncho pamphambano ya ku Ludzi anthu angokuyang'anani. Nenani kuti a Manjemanje. Alamu angawa anakhala zaka zisanu ku Chipata kuphunzira za magetsi a galimoto, ndipo anabwerako ndi zinthu ziwiri: kababu ka mawaya awiri, ndi mawu akuti "manje manje", kutanthauza kuti "pompano". Ukafunsa kuti galimoto itheka liti, yankho ndi lomwelo. Ukangomva choncho, kagule chinangwa chootcha ukhale pansi, chifukwa dzuwa likupendekera pomwepo.

Ankagwirira ntchito pansi pa mtengo wa mango, pakamwa posatseka. Waya aliyense ankamulankhula ngati munthu. Chimene ankadana nacho ndi chizolowezi chathu madalaivala chokulunga fyuzi yakupsa ndi pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu. "Fyuzi imafa dala kuti galimoto isapse," ankatero. "Inu mukailetsa kufa, mukufuna afe ndani?"

Ine, Vitus, ndinakwatira mlongo wawo Esitele. Fodya wanga ndi mtedza wake ndi zimene zinatigulira kapikapu kakale, kamene ndinkachitira matola kuchoka pa boma kukafika kuboda. Tsiku loyamba, Esitele anapachika korona wake pagalasi lam'kati. Pakoronapo panali kamendulo kamene mayi ake anam'patsa polandira Ukaristia woyamba ku Guilleme.

Esitele anatisiya mu 1999, titangokolola. Patapita milungu ingapo ndinaona kuti mendulo ija palibe. Ndinasesa galimoto yonse, ndinakalipira ngakhale okwera osalakwa. Kenaka hutala inayamba kufa. Ndikaika fyuzi yatsopano, ndikangogunda dzenje, yapsa, wailesi nayo zii. Matola opanda hutala ndiye matola anji? Anthu ndinkawaitana ndi pakamwa mpaka mawu kusasa.

Ndine Mkatolika, kwaya ndimaimba, koma ndinene zoona: mumtima ndinagamula kuti Esitele wandikwiyira chifukwa chotaya mendulo yake. Maganizo amenewa ankandidya kuposa maliro enieniwo. Kwa alamu ndinkachita manyazi kupitako, ndiye ndinachita chija amadana nachochi. Sipanathe masiku atatu, m'galimoto munayamba kununkha pulasitiki wopserera. Ndinati basi, ndiigulitse. A Amadi, a golosale pa boma, anaifuna, koma anati iyambe yaonedwa ndi a Manjemanje.

Ndinafika m'mawa. Alamu analowetsa mutu pansi pa chiwongolero, kununkhiza kawiri, n'kutuluka atanyamula kapepala kaja m'mwamba kuti aliyense aone.

"Alamu, inu simusuta. Paketi ya ndudu munakaipempha kwa ndani?"



Pamalo pa fyuzi analumikizapo kababu kawo kaja. "Magetsi ali ngati ana a sukulu, amakonda njira yachidule," anatero. "Akapeza podutsira n'kukhudza chitsulo, ndiyo shotiyo, ndipo babu ili litiuza." Babu silinayake. Anakanda m'mutu. "Mwati imapsa pamaenje? Kwerani kumbuyoko muzidumpha."

Ndinakwera, bambo wa imvi zanga, n'kumadumpha kumbuyo kwa pikapu, amayi ogulitsa tomato akugwa nako kuseka. Babu lija linaphethira.

"Eyaa! Wagwidwa! Musaleke, alamu!"

Anachotsa waya wa hutala, babu likuphethirabe. Anachotsa wa wailesi, chimodzimodzi. Galimotoyo inali itadutsa m'manja ambiri, ndipo mawaya ake anali olumikizidwa mwachisawawa. Anapezanso waya wachitatu pafyuzi yomweyo.

"Nanga iwe, mwana wa yani? Ukupita kuti?"

Anamutsata ndi chala mpaka pakabowo koyatsira ndudu, kamene chotsekera chake chinatayika kalekale ndisanagule galimotoyo. Atamasula batire, anapisamo kawaya kopinda, n'kukoka kanthu kakang'ono kakuda ndi mwaye. Anakapukuta paovolosi yawo.



Ndinatsika. Mendulo ija inali m'dzanja mwawo, m'mphepete itapserera pang'ono, koma nkhope ya Amayi Maria ikuoneka bwinobwino.

"Iyi inali ya mayi," anatero chapansipansi. "Tsiku limene ankam'patsa Esitele ine ndinalira, ndinkaifuna."

Anandifotokozera kuti inaduka pakorona n'kugwera m'kabowomo, ndipo ndikagunda dzenje inkagwedezeka n'kukhudza zitsulo ziwiri nthawi imodzi. Miyezi yonseyi ndinkayenda nayo pafupi ndi bondo langa. Pamenepo ndinalephera kudzigwira, ndinawauza zonse zimene ndinkaganiza. Ndinkayembekeza kuti andiseka mpaka Khirisimasi, koma ayi.

"Alamu, mlongo wanga sanali wosunga mangawa. Akakwiya ankanena pamaso, si inu munakhala naye zaka makumi awiri? Akanakhala ndi mawu, sakanatuma fyuzi."

Ndinaseka misozi ikutsika, iwonso chimodzimodzi.

Anakulunga waya wopserera uja ndi tepi, kuika fyuzi yeniyeni, kabowo kaja n'kukatseka ndi chitsononkho. Atabwezera batire anati ndiyese. Hutala inalira mpaka nkhuku kubalalika. Ndinawauza kuti a Amadi ndikawapepesa ndekha, galimoto sikugulitsidwanso.

Mendulo ndinawapatsa, poti kale ankaifuna. Anakana. Anadula kawaya kakopa kowonda, kukhala pampando wa Esitele, n'kuyamba kuimangirira pakorona. Zala zimene zimamasula sitata osayang'ana zinkachedwa pakanthu kakang'ono kotero. Amange, amasule, aiyang'anitsitse, amangenso. Okwera anali akundidikira pa boma.

"Mutha liti, alamu?"

"Manje manje."

Ndinakhala pansi pa mango paja, ndipo tsiku limenelo sindinawafulumize.