Lipenga la a Mpweya

Bambo anga ndi telala, koma mumsewu wathu palibe amene amawatchula kuti a Telala. Aliyense amati a Mpweya, ngakhale ana obadwa dzulodzuloli. Dzinali anawapatsa ndi bambo aakulu, mkulu wawo wa bere limodzi, ndipo ine ndakula ndikudana nalo.

Chiyambi chake ndi lipenga. Ali pasukulu, awiriwa ankaimba m'bandi, aliyense ndi lipenga lake, ofanana ngati mapasa, ndipo atamaliza sukulu aphunzitsi anawasiyira malipengawo. Kenako bandi yaikulu ya mumzinda inafuna woimba mmodzi. Onse anapita kukayesedwa. Bambo atauzira lawo, m'malo mwa nyimbo munatuluka phokoso ngati tayala la njinga likuphwa. Oyesa anaseka. Malo anatenga bambo aakulu, ndipo anayenda ndi bandiyo mpaka kupuma pantchito.

Bambo anangoti milomo yawo ndi yoipa. Anagula makina osokera, lipenga n'kulikankhira pamwamba pa wadiropu. Kwa zaka makumi anayi akhala akupinda mathalauza a anthu, osaiwala yunifolomu ya mkulu wawo imene ankaikulitsa m'chiuno mwaulere mimba ikamakula. Lamlungu lililonse masana bambo aakulu amabwera, kukhala pampando wabwino, kumwa tiyi wathu, n'kubwerezanso nkhani ya tsiku la mayeso. Bambo amaseka nawo.

Maso atayamba kuwavuta, tinagwirizana kuti asamukire kwanga. Chipinda chawo kwangako n'chaching'ono, ndiye ndinati lipengalo likaonedwe: likakhala lamtengo tigulitse, apo ayi lipite kwa ogula zitsulo. Tinapita nalo kwa wokonza zida za bandi, mayi wosalankhulalankhula amene shopu yake imanunkhira mafuta ndi polishi.

Mayiyo analitembenuzatembenuza pansi pa nyale.

"Ili dzina lake ndi fulugelihoni," anatero. "Onani kutambalala kwa kukamwa kwake, n'chifukwa chake mawu ake amakhala ofewa. Linapangidwira ana asukulu. A mtundu uwu ndi osowa, ine ndaonapo awiri okha, koma mtengo musayembekezere wambiri."

Kenako anamasula mavavu, tizitsulo titatu timene woimba amadina ndi zala, n'kutiyang'ana ndi galasi lokuza zinthu.

"Bambo, anakusinthirani mavavu ndani?"

"Palibe, mayi. Silinapiteko kwa wokonza."

"Pathupi pa lipengali palembedwa 417. Pamavavu onse atatu palembedwa 418. Awa ndi a lipenga lina, ndipo ndi operepeseka. Mpweya umathawira m'mbali. Ngakhale katswiri sangaimbe nalo bwino."

Anawapaka mafuta olimba kuti mipata itsekeke kwa kanthawi, anawabwezera, n'kupereka lipenga kwa bambo. Bambo anakana kawiri. Kachitatu anapukuta pakamwa n'kuuzira. Mawu oyamba ananjenjemera. Achiwiri anatuluka oyera, ofewa, odzaza shopu yonse, mpaka munthu wodutsa panja anasuzumira pakhomo. Bambo anatsitsa lipenga msanga.

Tili m'basi pobwerera, bambo anayamba kulankhula titafika pafupi ndi potsikira.

"Langa linali 417, la achimwene 418," anatero, maso ali pawindo. "Lawo ndi limene linkataya mpweya. Tsiku loti mawa mayeso anati abwereke langa andipukutire. Ndinawathokoza."

Ine mtima unawira. Ndinkafuna nditsike basi ndikawapeze bambo aakuluwo ndiwauze zakukhosi pamaso pa akazi awo. Kuba malo n'kwina, koma kum'patsanso munthu dzina lomunyoza, n'kumamwa tiyi wake zaka zonsezi? Bambo anandigwira pamkono n'kunena kuti tidikire Lamlungu.

Lamlungu bambo aakulu anafika nthawi yawo, anavula jekete n'kuwaponyera bambo.

"Mpweya, batani ili likufuna kugwa."

Bambo analowetsa ulusi m'singano n'kuyamba kusoka. Ine ndinabweretsa tiyi monga anandiuzira: kapu, shuga, ndi kambale kena kokhala ndi mavavu atatu aja.

"Achimwene," anatero bambo, "ndakusungirani katundu wanu nthawi yaitali. Tengani."

Ndinkayembekezera kuti afunsa kuti n'chiyani chimenechi, kapena akana, kapena akwiya. Sanatero. Anayang'ana kambaleko, anathira shuga m'kapu, anatakasa.

"Iwe unali ndi manja osoka," anatero. "Nanga ine ndikanadya chiyani?"

Bambo ananyamuka, anawaikira mkulu wawoyo jekete lija pamiyendo singano ikulendewera pabatani, n'kukatsegula chitseko cha panja.