Mayi Kokom ndi Funso la 32 kapena 64

Mayi Kokom a ku Kawalu, kuno ku Tasikmalaya, sangaone chinthu chotseka osafuna kusuzumira m'kati. Ali mtsikana anamasula wailesi ya bambo awo kuti aone pamene oimba amakhala. Anakwapulidwa zedi, koma chidwicho sichinachoke. Atakwatiwa ndi a Dudung anagawana ntchito: bambo kujambula pa kompyuta maluwa opeta pa zovala zopempherera za amayi, mayi kuyendetsa makina opetera ndi kulimbana ndi makasitomala.

Chaka chatha a Dudung anagwidwa ndi matenda opha ziwalo. Dzanja lamanja linafa, lilime linalemera. Chinatsala ndi dzanja lamanzere lonjenjemera ndi pulogalamu yakalekale yojambulira, imene zala zawo zinaloweza mabatani ake asanamere imvi. Kunena zoona, bamboyo ankadzuka m'mawa chifukwa cha ntchito imeneyi basi, ndipo mkazi wawo ankadziwa.

Ndiye tsiku lina kompyuta yakaleyo inangoti zii. Mkamwini wawo anagula yatsopano, natuma Wiwin, mayi wokonza makompyuta kumsika, kuti akaikonzekeretse. Wiwin ndi wapaliwiro nthawi zonse, moti anafunsa asanavule n'komwe chisoti cha njinga yamoto.

"Amayi, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta ilipo mitundu iwiri. Ndiike ya 32 kapena ya 64?"

"Ya 32, mwanawe. Yokhuthala."

"Yokhuthala bwanji?"

"Aa, iwe! Ulusi nambala ikamakwera ndiye kuti ukuwonda. Zodukaduka sindizifuna ine."

Wiwin anaseka mpaka kugwera pa mulu wa nsalu. "Si ulusi uwu, amayi! Apa yaikulu ndi yaikuludi. Ya 64 ndi yamakono, imasenza zambiri kamodzi. Ya 32 ndi yachikale, mphamvu za kompyutayi ingogwiritsako pang'ono, zina zonse zizingogona."

Apa ndiye analakwitsa Wiwin, chifukwa anadzutsa chidwi cha Mayi Kokom. Mafunso anayamba kugwa. 64 zichani, makilo? Nanga ya 50 kulibe bwanji? Anaganiza zimenezi ndani, ndipo anali atadya? Mayi Kokom anamuikira mbale ya chinangwa chokazinga kuti asathawe, namuuza kuti atsegule chibokosi cha kompyutayo. Anavala magalasi, kuwerama, mphuno kutsala pang'ono kugunda mawaya.

"Tsono 64-yo ili pati?"

"Siioneka, amayi."

"Chosaoneka n'kumatisankhitsa. Koma abale!"

Wiwin anapukuta mafuta m'zala natsitsa mawu, poti a Dudung anali pampando wawo pafupi ndi zenera. "Koma pali vuto. Pulogalamu ya bamboyi ndi yamakedzana. Ya 32 imaitsegula, ya 64 siidziwa n'komwe. Tikaika ya 64, tiikanso yojambulira yatsopano. Taonani kuno."

Anatulutsa kompyuta yake ya m'chikwama. Mayo ine, zinthu zake! Duwa linazungulira lokha, linasintha mtundu, ulusi uliwonse kuoneka ngati wapetedwa kale. Mayi Kokom anakoka kachidontho ndi chala, tsamba linapindika. Anakokanso. Anailakalaka kwambiri pulogalamuyo.

"Mwaona? Mutu muli nawo, amayi," anatero Wiwin. "Mwezi usanathe muzijambula nokha."

"Nanga bambo?"

Wiwin anayang'ana pansi. Pulogalamu yatsopanoyo inkafuna dzanja lokhazikika, lotha kukoka tinthu ting'onoting'ono. Mabatani akale aja munalibe.

"I-ikani yatsopano," anatero a Dudung, mawu akutuluka movutikira. Sanayang'ane munthu. Anali ataona nkhope ya mkazi wawo.

Mayi Kokom anachita manyazi, kenako chisoni. Anaona bwinobwino mmene zidzakhalire: iwo pa kompyuta akusangalala, amuna awo pazenera akuwerenga njinga zodutsa. Anakankha kompyuta ya Wiwin pang'onopang'ono.

"Inu bambo, wakufunsani ndani? Wiwin, ika ya 32."

"Amayi, ganizani bwino. Imeneyi anthu akuisiya. Kompyuta yamphamvu chonchi muimange miyendo?"

"Ikathamanga ikupita kuti? Ika."

Wiwin anapukusa mutu naika. Zinatenga nthawi, mpaka kumzikiti anaitana pemphero la masana. Mayi Kokom sanafunsenso funso ngakhale limodzi, chinthu chimene oyandikana nawo amakana kukhulupirira mpaka lero.

Pagalasi la kompyuta panatuluka chithunzi cha pulogalamu yakale ija, chotuwa, chosakongola. Mayi Kokom anakankhira mpando wa a Dudung patebulo. Dzanja lamanzere linanjenjemera m'mwamba kanthawi, kenako linatera pa mabatani. Khe, khe, khe. Tsinde linatuluka, tsamba, lina pambali pake. Mayi Kokom anawerama paphewa lawo.

"Iwe Kokom," anatero a Dudung, osatembenuka, ndipo mawuwo anamveka onse. "Tachoka apo, ukunditchinga. Pita ukaike ulusi wobiriwira."

Chidwalire, a Dudung anali asanawakalipireko mkazi wawo. Mayi Kokom anathamangira kumakina, koma bowo la singano silinkaoneka, mpaka anachita kuvula magalasi ndi kupukuta m'maso.