Tiyi Amene Anakana Kutuluka mu Tipoti

Tipoti ya amalume inali yoyera, ya mlomo wabuluu, yosupuka pang'ono pansi pa chogwirira, ndipo m'mudzi mwathu ku Lisasadzi inkalemekezedwa kuposa anthu ena amoyo. Anabwera nayo kuchokera ku Halale ataikulunga mu jekete lawo, iwo eni akunjenjemera ndi mphepo pamwamba pa lole. Inkakhala pa sutikesi m'nyumba mwawo, ndipo ana tinkaloledwa kuiona koma osati kuiyandikira.

Amalume ankati ku Halale anali khukhi wa mzungu. Anzawo amene anabwerera nawo limodzi ankanong'ona kuti ntchito yawo inali yotsuka mbale ndi kusambitsa galu. Pamaso pawo palibe ankatsutsa, popeza ndiwo anali eni mbumba. Lero ndikamakumbukira ndimaona kuti tiyi wa azunguyo ankangomuonera pazenera.

Zinali m'zaka za m'ma 1950, ine ndili ndi zaka ngati zisanu ndi zinayi. Bambo anali ku Joni. Inali nyengo yothyola fodya, ndipo tsiku lonse tinkakhala m'chigafa kusoka masamba, manja akuda bii ndi utomoni wowawa umene sunkachoka ngakhale utsuke ndi mchenga. Tsidya la dambo kunali sukulu ya mishoni yofolera ndi udzu. Mphepo ikaomba bwino ndinkamva ana akuimba manambala, mtima wanga n'kumapita komweko, chala n'kubayidwa ndi singano. Sukulu ndinkaifuna ngati ndife.

Amalume ankafuna ndipite, kuti pakhomo pakhale wowerenga makalata a ku Joni. Amayi ankakana. Pambuyo panga panabadwa ana awiri, ndipo onse anabwerera asanathe mwezi. Ndinatsala ndekha, moti ngakhale kuchitsime amayi ankandiperekeza ndi maso mpaka ndikhote. Nkhani ya sukulu ikayamba ankangoti, "Ndatsala ndi diso limodzi, ndilitumize kuwoloka dambo?" Amalume ankakuwa pabwalo ngati mkango, koma mlongo wawoyo ankamuopa.

Choncho anaganiza zoitana aphunzitsi kuti adzalankhule okha ndi amayi Loweruka masana. Ankati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Ndipo mlendo wotere, anatero, salandiridwa ndi maungu ophika ngati wopempha ganyu. Ayenera kumwa tiyi wamkaka wothira kuchokera mu tipoti, kuti pakamwa pafewe, komanso amayi aone ndi maso awo kuti chitukuko chimaoneka bwanji. Anayenda ulendo wa tsiku lathunthu kukagula ku sitolo ya bambo wina wachisilamu, n'kubwera ndi masamba a tiyi ndi shuga. Mkaka wam'chitini anapeza watha.

Loweruka mbandakucha mbuzi ya amayi inaswa. Inali mbuzi yakuda, yaliuma, yodya zovala zoyanika, ndipo pakhomo ponse inkamvera ine ndekha. Kwathu mbuzi sinkakamidwa. Mbuzi inali ya maliro, ya mlandu, kapena ya mlendo wolemekezeka, ndipo kwa mlendoyo inkapita ili mu mbale. Koma amalume ataona bere lili tuu, anakweza manja kumwamba n'kunena kuti Mulungu nayenso amadziwa za tiyi.

Kamwanako kanali katangoima, miyendo ikuwayawaya, kakufunafuna nsonga ya bere. Amalume anakanyamula n'kukavundikira ndi dengu kuseri kwa nkhokwe, pamwamba n'kuikapo mwala. Ankati ku mafamu a azungu amatero kuti mkaka usawonongeke. Kamwanako kanalira, make n'kuyankha, ndipo kulirana kumeneko kunatha m'mawa wonse. Ndikuvomera ndi manyazi kuti dengulo litayamba kuyenda lokha, ndine amene ndinaonjezera mwala wachiwiri. Ndinkakamvera chisoni, koma m'mutu mwanga munali sileti.

Kukama anayamba ndi amalume. Anagwada kumbuyo kwa mbuzi, malo amene munthu wodziwa mbuzi sagwada, ndipo mbuziyo inawaphunzitsa pachibwano. Anayesanso chakumbali, ikaponda m'mbale. Mapeto ake iwo anagwira nyanga, akutukwana m'chilankhulo cha ku Halale, ine n'kumakama ndi manja anga a utomoni.

Zimene zinatuluka sizinkafanana ndi mkaka umene ndinkaudziwa. Zinali zachikasu ngati mkati mwa dzungu, zolemera, zonanda pakati pa zala. Zinkagwera m'mbale mwaulesi, popanda thovu. Amayi anadutsa atasenza fodya, anasuzumira, nkhope n'kuikwinya.

"Achimwene, uyu ndi mkaka woipa. Woyamba amataya."

"Mlongo, zinazi uzifunsa," anatero amalume akusisita chibwano. "Iyi ndi kirimu. Azungu amachita kulimbirana."

Aphunzitsi anafika dzuwa litapendeka, pa njinga, buluku atalimanga ndi luzi m'akakolo. Anali bambo wamtali wochokera kumpoto, ndipo Chichewa chawo chinkakwera ndi kutsika ngati akuimba. Anawakhazika pa mpando umodzi wokhawo wa pakhomo, pansi pa mtengo wa mango. Analankhula bwino ndithu za ubwino wa sukulu, za ana aakazi amene akulemba kale mayina awo. Amayi anakhala pamphasa chapatali akusoka fodya, ndipo chiganizo chilichonse ankachilandira ndi mawu akuti "tamva". Ine amene ndinkawadziwa ndinadziwa kuti zinthu zavuta. "Tamva" wa amayi ankatanthauza kuti mlendo angathe kumapita.

Chiyembekezo changa chonse chinatsala pa tipoti. Ndinathamangira kukhitchini ndipo ndinapeza amalume atavala jekete, kansalu kali pamkono, akuika tipotiyo pamoto koyamba chibwerereni. Anathiramo mkaka wonse, masamba, shuga wambiri, ndi timadzi tochepa, chifukwa tiyi wamadzi ankati ndi wa anthu osauka. Anadikira mpaka chivindikiro chinayamba kuvina. Kenako anaika tipoti ndi kapu pa lichero, n'kuyenda kupita pansi pa mango pang'onopang'ono ngati anyamula mgonero.

Anawerama, dzanja limodzi kumbuyo, n'kupendeketsa tipoti. Sipanatuluke kanthu. Anapendeketsanso kwambiri. Panagwa dontho limodzi la madzi ofiirira, basi. Anamwetulira aphunzitsi, aphunzitsi nawo anamwetulira. Anathyola kaudzu n'kutokosa kumlomo kwa tipoti. Anatembenuka kutipatsa msana n'kuuzira, koma tonse tinamva, ndipo anapsa milomo. Pomaliza mtima unawapsa, anaigwedeza ataizondotsa, chivindikiro chinagwa, ndipo tiyi yense anatuluka nthawi imodzi ali chibuma, n'kukhala pa lichero akunjenjemera, ataumbika ndendende ngati mkati mwa tipoti.

Ndinaona sukulu yanga ikutsetsereka pa lichero paja, ndipo misozi inayamba kulengeza. Amayi anaweramira pa fodya, mapewa akugwedezeka.

Aphunzitsi anasendeza mphuno, ananunkhiza, ndipo nkhope yawo inasintha ngati ya munthu amene wakumana ndi m'bale wake pa msika wachilendo. "Ichi n'chithuwi," anatero. "Adada, mwachipeza kuti? Tandipatsani supuni."

Anadya tiyi uja ndi supuni, maso atatsinzina, masamba akulavulira pambali. Pakati pa kudyako anatifotokozera. Iwo anakulira kubusa, kwawo kwa ng'ombe. Ng'ombe kapena mbuzi ikangobereka, ankatero, mkaka wa tsiku loyamba umakhala wachikasu ndi wolemera, ndipo ukauika pamoto umagwirana ngati dzira. Ndiwo umene kwawo amautcha chithuwi. Tsiku lachiwiri ndi lachitatu umayamba kuyera ndi kupepuka, ndipo pakatha sabata umakhala woyera, wamadzimadzi, wowira bwinobwino, woti n'kuthira mu tiyi. Abusa ankachita kumenyanirana chithuwi, koma lamulo linali lakuti ayambe wakhuta ndi mwana wa ng'ombe. Amene sanayamwe mkaka woyambawo ankatsegula m'mimba, ankafooka, ndipo kawirikawiri sankaona mvula yotsatira.

Atafika pamenepo anaima, supuni ili m'mwamba. Kuseri kwa nkhokwe kunkamveka kulira kosasa mawu. Anafunsa ngati kamwana ka mbuziyo kayamwa, ndipo amalume anayamba kufotokoza za mafamu a azungu. Aphunzitsi sanadikire kuti amalize. Ananyamuka okha, anagubuduza miyala iwiri ija, n'kukanyamula kamwanako kupita nako kwa make. Bere linali litafota chifukwa cha ine. Anati tisawalekanitsenso, mkaka ubweranso, ndipo aliyense wofuna tiyi adikire sabata.

Atabwerera pampando, ndinaona kuti singano ya amayi yaima. Amayi sankalankhula ndi amuna achilendo kupitirira moni, koma tsiku limenelo anafunsa, maso ali pa fodya.

"Nanga wa munthu, aphunzitsi?"

Aphunzitsi anayang'ana pansi, popeza imeneyo sinali nkhani ya amuna. Anayankha motsitsa kuti akazi awo anachirira ku chipatala cha mishoni, ndipo kumeneko mwana anamuika kubere tsiku lomwelo. Anauzidwa kuti wachikasuwo si litsiro, ndiwo umamulimbitsa mwana.

"Ife anatiuza kuti tizifinyira pansi mpaka uyere," anatero amayi. "Mwana tizimupatsa madzi."

Amalume, amene sankatha kupirira bata, anakankhira lichero kwa mlendo n'kunena kuti chimenechi ku Halale amachitcha pudingi, ndipo ndi chimene ankafuna kuphika kuyambira pachiyambi. Amayi sanawamve n'komwe. Anafunsa ngati zinthu zimenezi zimaphunzitsidwa kusukuluko. Aphunzitsi anali munthu woona mtima. Anati iwo amaphunzitsa kuwerenga ndi masamu, koma munthu wodziwa kuwerenga amatha kudzifunira yekha, sangodalira zimene wauzidwa.

"Mumulembe," anatero amayi. "Lolemba abwera."

Ndinavina mpaka kugwetsa mulu wa fodya. Ntchito yanga yoyamba ya kusukulu inali ya mbuzi yomweyo: aphunzitsi anandiuza kuti m'mawa uliwonse, kamwana kakakhuta, ndizifinyira dontho limodzi pa tsamba la nthochi n'kukawauza mtundu wake. Lolemba linali lachikasu chotuwa. Lachitatu linkaoneka ngati phala la mgaiwa. Pofika Loweruka linali loyera mbee, ndipo linkatsetsereka pa tsamba ngati madzi. Tsiku limenelo amalume anaphikanso tiyi, anatuluka bwinobwino pamlomo wa tipoti, iwo anamwa kamodzi n'kulavula, ati akununkha tonde. Komabe mpaka tsiku la imfa yawo ankauza aliyense kuti mphwawo anapita kusukulu chifukwa cha pudingi wawo, ndipo kwa zaka zambiri inenso ndinkakhulupirira zomwezo.

Sindinganene kuti ndikudziwa chimene chinatenga abale anga awiri aja. Malungo analipo, chifuwa chinalipo, ndipo amayi achikulire amene analangiza amayi anga ankangopereka zimene nawonso analandira. Amayi sanaitchulenso nkhaniyo.

Koma Loweruka loyamba lija, aphunzitsi atakwera njinga yawo, ndinawafuna amayi kuti ndiwafunse za chovala cha kusukulu, ndipo m'chigafa munalibe. Ndinawapeza m'khola atagwada m'ndowe, fodya atangomusiya padzuwa akufota. Dzanja limodzi anagwira mwendo wa mbuzi yaliuma ija, linalo likukankhira kamwana kubere. Kamimba kake kanali katatupa kale, kakutembenuza mutu kukana, koma iwo ankakabwezera pomwepo.

"Yamwa," ankatero chapansipansi. "Yamwa wonse. Usasiyeko."

Ine ndinaseka, n'kuthamanga kukauza amalume kuti amayi akulankhula ndi mbuzi.