Mwala Wakuda wa Pakhomo Panga

Pakhomo pa nyumba yanga pali mwala wakuda bii, woyambira kufelemu iyi kukafika kufelemu inayo. Wina wocheperako uli polowera kubafa. Miyala imeneyi ndinaisankha ndine, ndipo palibe adzaizule ine ndili moyo. Ndayambira pamenepa chifukwa alipo anayeserapo.

Nyumbayi ndinamanga ndi manachesi. Ndimagulitsa m'mbali mwa msewu pa Mwanza Boma, pomwe pamaima mathiraki opita ku Mozambiki, ndipo nyengo ya manachesi ikatha ndimagwira tomato ndi mbatata. Nditangoifolera malata ndinakatenga amayi kumudzi kwa Kanduku kuti ndizikhala nawo, poti bambo anali atatisiya ndipo maso a amayi anali atachita ng'ala. Sanali akhungu ayi. Ankati dziko amaliona ngati kwachita nkhungu, zoyera ndi zotuwa zonse zimangosakanikirana, koma chinthu chakuda amachiona bwinobwino. Mbuzi yakuda ankaikalipira ikadali kutali. Yoyera inkachita kuwadyera mphale palichero iwo ali pomwepo.

Pansi pa nyumba yanga ndi simenti yotuwa, pakhonde simenti yomweyo, ndipo pakati pake pali sitepe yotsika. Tsiku lina m'mawa ine ndili kumsika, amayi anatuluka ndi kapu ya tiyi, phazi linaponda m'malere, n'kugwa chammbali. Ndinakawapeza kuchipatala mkono uli kale m'chikhakha.

Achimwene anga, oyamba kubadwa kwathu, amakhala ku Blantyre m'nyumba ya mpanda ndi geti. Anabwera pagalimoto, anayang'ana chikhakha chija, n'kutembenukira kwa ine.

"Chemwali, apa walephera. Amayi ndiwatenga."

Mtima unandiwawa, ndipo unandiwawa kwambiri chifukwa amayi anagwadi pakhomo panga. Koma ku Blantyre kuja anali atakakhalako kale mwezi wathunthu, anabwerako ataonda ngati adwala. Tsiku lonse kuwasiya pasofa, wailesi yakanema ikulankhula yokha, geti lokhoma, wolankhula naye palibe. Munthu amene anathawa nkhondo ku Mozambiki wapansi, ine atandibereka kumbuyo, achimwene omwewo akuwakoka padzanja, lero azidikira wantchito kuti awatsegulire chitseko akaothere dzuwa? Kuno anali ndi anzawo obwera kudzacheza nawo Chichewa chawo chosakaniza ndi Chinyungwe, n'kumaseka mpaka kutsokomola. Tinakangana, ndipo tinathera poti akadzagwanso kachiwiri, achimwene adzawatenga osandifunsa. Ndinavomera pakamwa pokha.

Poyamba ndinapaka penti yakuda m'mphepete mwa sitepe. Sinakhalitse, mapazi ndi chikolopa zinaidya. Mmisiri amene anandimangira nyumba anati tiike matailosi oyera, akuti ndiye zamakono. Ndinamufunsa ngati anamva zoti amayi choyera sachiona, anangokanda m'mutu. Kubafa nakonso kunkandidetsa nkhawa, poti madzi a sopo ankasefukira pakhomo n'kudzaterereka m'kanjira kopita kuchipinda kwawo. Ndipamene ndinakumbukira mwala wa m'bafa ya udzu ya kumudzi, umene tonse tinakulira kusambirapo osagwa ndi tsiku limodzi lomwe.

Ndinayamba ndapita ku Blantyre, kwa anthu osema ziliza, chifukwa ndinamva kuti miyala yakuda amadula m'misinkhu iliyonse. Inali yokongola, yowala moti umadziona nkhope. Ndinathirapo madzi a m'botolo langa, n'kuvula silipasi, n'kupondapo. Phazi linangoti tereree ngati ndaponda therere. Wogulitsa anaseka, ine ndinavala silipasi yanga n'kukakwera minibasi yobwerera.

Ndiye ndinalowera kwathu kwa Kanduku, kumtsinje wa kumunsi kwa munda wathu wakale. Ndinapita masana dzuwa likuswa mtengo, mwadala, chifukwa mwala uliwonse umada ukanyowa, koma ukauma wambiri umatuwa ngati simenti yanga yomwe ija. Ndinkafuna wakuda uli wouma. Ya m'madzi ndinaisiya, ndi yosalala ndipo imagwira ndere. Ina yonyezimira ija imasendeka ngati anyezi ukaigogoda. Ndinali ndi chigubu ndi sopo wochapira. Ndikapeza wondikomera m'maso ndinkauthira madzi, kuupaka sopo mpaka thovu, kenaka kukwerapo opanda nsapato n'kumadzipotokola kuti ndione ngati undigwetse. Ndiponso ndili ndi chizolowezi cholankhula ndekha ndikamagwira ntchito, ndiye ndinkaiuza miyalayo kuti iwe ayi, iwe ndiwe wabodza, iwe dikira kaye.

Tsidya lina kunali amayi ena akuchapa. Mmodzi anakuwa kuti, "Kodi asisi, miyalayo mukuisambitsa ikupita kuti?"

Ndinati, "Ikupita kutauni, ikufuna ikafike yoyera."

Anaseka, inenso ndinaseka. Sindinaganize kuti nthabwala imeneyo idzandipeza kutsogolo.

Mwala wanga ndinaupeza pamtunda, m'mbali mwa phiri, utagona chopendekera. Unali wakuda ngakhale pouma, wokhakhala ngati lilime la ng'ombe, ndipo nditaugogoda ndi unzake unalira ngwe, kusonyeza kuti ulibe mng'alu m'kati. Pafupi pomwepo panali wina wocheperako wa mtundu womwewo. Abambo ena aganyu anainyamula pamitengo mpaka kumsewu, kenaka inakwera matola limodzi ndi matumba a makala.

Mmisiri uja anaidula ndi makina ake uku akung'ung'udza. Wa pakhomo ndinamuuza kuti ukhale wofanana ndi pansi pa m'nyumba, usatumphuke, kuopa kuti ungakhale chopunthwitsa china, ndipo mphepete mwake mukhale pothera penipeni pa sitepe. Wa kubafa ndinati utumphuke pang'ono chabe, ngati zala ziwiri, ndipo upendekere m'kati kuti madzi azibwerera komwe achokera. Ndinamuimirira mpaka anamaliza. Simenti itauma, amayi anabwera pang'onopang'ono kuchokera kuchipinda, anaima, analoza ndi ndodo n'kunena kuti, "Apa ndiye pothera nyumba." Anaponda, anatsika, osagwira khoma. Ine ndinalowa kukhitchini kukalira, kuti asandimve.

Koma nkhani ya kumtsinje ija inali itafika pa Boma, itanenepa m'njira. Akuti mayi uja anapita kuphiri masana, anakasambitsa miyala ndi sopo, anaivinira pamwamba opanda nsapato uku akulankhula nayo, ndipo yakuda yokhayokha ndiyo waikwirira pakhomo. Akuti watsirika nyumba. Akuti wakhwimira bizinesi, n'chifukwa chake manachesi ake amatha anzake asanagulitse n'komwe, ndipo wodumpha mwalawo amasiya mwayi wake pomwepo. Manachesi anga amatha msanga chifukwa sindiika owola pansi pa mulu, koma zimenezo palibe ankafuna kuzimva.

Mnansi wanga wina, amene ankangolowa osaodira, anayamba kuzungulira kukhomo la kuseri. Anzawo a amayi aja anayamba kuthera pabwalo. Lachinayi lina kunabwera amayi a kumpingo kudzapemphera ndi odwala, atavala zoyera mbee, n'kuima pamzere kutsogolo kwa khonde.

Mtsogoleri wawo anati, "Mungotitulutsira mipando, kunja kuno kukupita kamphepo."

Ndinati, "Mipando ili m'nyumba, ndipo khomo ndi ili. Kapena Mulungu amene mwabwera nayeyo amaopa mwala?"

Pakamwa pangapa pamandipalamulira, ndimadziwa, koma tsiku limenelo sindinabweze mawu. Anapemphera chiimire padzuwa. Amayi anatuluka okha kukakhala nawo, ndipo potuluka anaponda mwala uja onse akuona, koma ngakhale mmodzi sanafunse kuti nanga bwanji lero atsika osagwiriziza.

Ena ondifunira zabwino ankati ndingouzula, nkhani ithe. Ndinkawayankha kuti nkhani itha, koma amayi agwa, ndipo akagwa apita ku Blantyre. Pakati pa mbiri yanga ndi mafupa a amayi ndinali nditasankha kale.

Loweruka lina galimoto ya achimwene inaima pabwalo. Anatsika ndi akazi awo, alamu anga, ndipo m'buti anatulutsamo piki. Alamu anayang'ana pakhomo, n'kugwira pakamwa, n'kunditembenukira.

"Alamu, chiliza pakhomo apongozi akadali moyo? Mukuwaitanira chiyani?"

Achimwene anati, "Chemwali, dzina lathu lanyozeka mpaka ku Blantyre. Tizule mwalawu tione pansi pake. Ngati palibe kanthu tiubwezeretsa. Ukakana, amayi ndinyamuka nawo lero lomwe."

Ndinakaima pamwala paja. Ndinawauza kuti pansi pake pali mchenga ndi simenti, mmisiri alipo akamufunse. Ndinawauza kuti akazula napeza palibe kanthu, anthu omwewo adzati ndinachotseratu, ndipo ine ndidzakhala munthu amene anafufuzidwa ufiti ndi mlongo wake weniweni. Ndinawauzanso kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko: wosambitsa amayi ndine, wowasamalira atagwa ndine, ndiye za pakhomo pano andisiyire.

"Chabwino," anatero achimwene. "Tikalongeze katundu wawo."

Ndinapatuka kuwapatsa njira. Alamu anabwerera m'mbuyo. Achimwene anakwera pakhonde, anafika pasitepe, n'kuima. Munthu wamkulu, wa sukulu yake, woyendetsa galimoto, anayang'ana mwala uja ndipo mwendo unakana kunyamuka. Anafunsa ngati kuseri n'kotsegula. Ndikanaseka, koma zinandimvetsa chisoni kuti ndi mlongo wanga.

Ali chiimire choncho, amayi anatulukira m'kati, ndodo m'manja. Anali atamva zonse. Anayenda molunjika mpaka pakhomo, anaponda pamwala, n'kuima maso ali chakomwe kunkachokera mawu a achimwene.

"Iwe, wavala malaya amtundu wanji?"

"Oyera, amayi."

"Ndiye chifukwa chake. Ndikungomva mawu, iweyo sindikukuona. Kunyumba kwako kuja nakonso sindinkaona kanthu, makoma oyera, pansi poyera, ndinkangokhala pomwe mwandisiya. Mwala uwu ndimauona. Ndikauona ndimadziwa pomwe ndili."

Atatero anakonza chitenje chawo, anakhala pansi pamwala pomwepo, miyendo n'kuitambasulira pakhonde.

"Bwera nayo pikiyo. Uyambe kuzula ine."

Achimwene anakabweza piki m'buti. Sanadye, sanamwe ngakhale madzi. Galimoto inatuluka ndi fumbi, ndipo panapita miyezi asanandiimbire foni. Alamu mpaka lero timangopatsana moni wa pamaliro.

Amayi sanagwenso pakhomo paja. Kubafa ankapita okha, madzi osatulukanso, ndipo mwala wa kumeneko anausandutsa chokwechera zidendene, moti m'mphepete mwake munayamba kuwala. Anzawo ena anabwerera mmodzimmodzi, poona kuti nkhalamba ikukhala pamwalapo tsiku ndi tsiku kusenda mtedza koma sikufa. Ena sanabwerere, ndipo sindinawatsate. Amayi anakhala nane mpaka chifuwa chinawatenga, pabedi pawo, m'nyumba yomwe ankadziwa pothera pake.

Tsiku la maliro thupi linagona pabalaza, ndipo mwambo wathu ndi woti amayi okhuza amalowa m'nyumba kukakhala ndi ofedwa n'kumaimba. Wina wochenjera anayala chiguduli pamwala paja kuti anthu adutse osauona. Ndinadzuka pamphasa pomwe ndinkalira, ndinakachichotsa n'kuchiponya pabwalo. Analowa onse, amayi a zoyera aja, mnansi wa khomo la kuseri uja, alamu anga omwe. Maso anga anali otupa, koma mapazi awo ndinawaona bwinobwino, phazi lililonse.

Potulutsa bokosi kunali kutagwa kamvula, pakhonde ponse pali matope a mapazi a anthu. Achimwene anagwira kutsogolo, akutuluka chambuyo, bokosi likuwalemera, osatha kuona kumene akuponda. Phazi lawo linkafufuza pothera nyumba, ndipo linapeza mwala uja. Anaimapo ndi mapazi onse awiri, n'kuyang'ana pansi, n'kuyang'ana ine.

Ndinati, "Pondani ndithu, achimwene. Suterera."