Magalagadeya a pa Mpanda wa Amalume

Ndikamva fungo la duwa la magalagadeya, ngakhale lero lino pamene imvi zati mbuu m'mutumu, ndimangoona mpanda waudzu wa kwa amalume anga, kumapiri a Ntchisi kuseri kwa Malomo. Unali mpanda wautali kuposa munthu wamkulu, wonunkha chinyontho cha mvula. Dzinja lathunthu ine sindidatuluke m'menemo.

Bambo anali mphunzitsi ku Dowa. Tsiku lina masana galimoto ya boma idaima pasukulu, n'kuwatenga choko chili m'manja. Ankati wina adakawanenera kwa a chipani kuti adalankhula zosayenera m'kalasi. Nyumba ya pasukulu tidaisiya sabata yomweyo n'kubwerera kumudzi kwa amayi, komwe anthu ankatipatsa moni ndi maso okha. Tsono ine Esinati ndinali mwana wolongolola, koma inu! Chomwe ndamva m'nyumba m'mawa, pofika masana pachitsime ponse achidziwa. Amayi ankaopa kuti ndikangolakwitsa liwu limodzi, galimoto ija ibweranso kudzatenga iwo kapena amalume.

"Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata," adatero amayi, uku akumanga chitseko cha mpanda ndi luzi. Sukulu idathera pomwepo, kuchitsime ndi kutchalitchi komwe. Anzanga ndinkangowamva akusewera fulaye kuseri kwa udzu, ndipo mtima unkandiwawa koopsa.

Dziko langa lonse lidangokhala nkhokwe, khola la nkhuku, chigafa choyanikamo fodya, ndi magalagadeya oyanga pampanda. Adawabzala ndi bambo omwewo ali mkamwini watsopano pamudzipo. Tsiku lina ndidawavutitsa amayi ndi funso langa lamasiku onse, lakuti bambo abwera liti. Anali akusoka fodya, manja ali bii ndi utomoni wake. Osadzutsa mutu adati, "Magalagadeya awo akapsa."

Basitu, ine ndidasanduka mlonda wa magalagadeya.

Maluwa ake ankatseguka m'mawa, oyera, okhala ndi tindevu tofiirira tozungulira ngati kalichero, ndipo pofika madzulo anali atafota. Bambo adaandiuzapo kale kuti chomera ichi chimalemba aganyu amitundu iwiri, onse n'kumawalipira ndi timadzi totsekemera. Waganyu woyamba ndi bemberezi, kachilombo kakuda konga njuchi yonenepa, kamene kakamamwa pansi pa duwa kamadzola ufa wachikasu pamsana n'kukausiya pamwamba pa duwa lina, chipatso n'kuyamba. Achiwiri ndi nyerere. Izo malipiro ake zimalandirira patimatuza tiwiri tili patsinde pa tsamba, ndipo ntchito yake ndi kupirikitsa mbozi.

Munthu wosowa kopita amalawa chilichonse. Ndinkatenga kaudzu, kuviika m'duwa, n'kunyambita. Timadzi ta m'duwa tinkatsekemera ngati nzimbe ya kudimba. Ta patsamba tinali tina: kutsekemera kwake kochepa, kokhala ndi kamchere patali. Nyerere zinkandiluma milomo chifukwa chozibera, ine osamva. Nditakula ndidadzawerenga kuti ta m'duwa tambiri ndi shuga yemweyo wa mu nzimbe, pomwe ta patsamba muli ndi tizakudya tomanga thupi ta nyerere. Lilime langa lidaadziwa kale kuti aganyu awiriwo salandira zofanana.

Vuto lidabwera ndi amalume. Abemberezi ankaboola mapaso a chigafa n'kumagonamo, utuchi uli waa pafodya. Amalume, munthu wosachedwa kupsa mtima, adamata mauna onse ndi dothi, otsala n'kuwamenya ndi thabwa. Pabwalo padati zii. Maluwa ankatseguka m'mawa, kudikira tsiku lonse, n'kuthothoka opanda kanthu. Ndinkawatola pansi ndikulira, poti duwa lililonse logwa linali bambo akubwerera m'mbuyo.

"Usalire, Esinati, adzabereka chaka china," adatero amayi. Ndidadabwa kuona nkhope yawo itapepuka. Tsiku limenelo adachapa akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi, zomwe sadachitepo chichokere ku Dowa.

Koma ine makani ndidabadwa nawo. Ndidatola nthenga ya nkhuku, kukwera pamtondo wovundikira, n'kuyamba ganyu wa bemberezi ndekha: kupalasa ufa wachikasu, kuupaka patimitu titatu ta pamwamba pa duwa, uku ndikulira ngati bemberezi kuti duwalo lisazindikire kuti ndi ine. M'mawa uliwonse, mvula kaya dzuwa, ndili pamtondo. Amalume ankaseka kuti, "Mwana uyu mutu wayamba kuzungulira." Sindidauze munthu chomwe ndinkachita. Aka kanali koyamba kuti pakamwa panga pasunge kanthu.

Posakhalitsa tizipatso tidaoneka, tobiriwira, tosalala ngati mazira. Ndidakoka amayi ndi chitenje kuti adzaone. Adatiyang'anitsitsa nthawi yaitali. Kuyambira pamenepo zochapa ankayanika mbali ina ya mpanda, ndipo nyimbo ija sindidaimvenso.

Mvula ikupita kumapeto, fodya atafiira m'chigafa ndipo ana akuotcha mondokwa kuseri kwa mpanda, chipatso choyamba chidada, kukwinyika, n'kugwa chokha. Ndidachipeza m'mawa chili m'mame. Ndidathamanga ndikukuwa, "Amayi, apsa! Apsa! Ndikasese m'nyumba bambo asanafike?"

Amayi adachilandira, kuchidula pakati ndi mpeni, n'kupsontha theka. Misozi idatsika mpaka pachibwano. "Sanapse, mwana wanga," adatero. "Taona, akuwawasa mpaka kundiliza. Tidikire enawo."

Adandisiyira theka linalo n'kulowa m'chigafa. Ine ndidakhala pamtondo n'kulidya lonse, mpaka kunyambita chikhokho.

Bambo adadzabwera nditatha kale msinkhu, owonda, osafuna kulankhula, mpanda uja utagwa kale. Koma dzinja la mumpanda lijalo zipatso zidagwa zambiri, ndipo chilichonse amayi ankachilawa n'kunena kuti sichinapse. Ine ndinkakhulupirira kuti lilime langa ndilo lawonongeka ndi kulumidwa ndi nyerere, choncho ndinkabwereranso pamtondo ndi nthenga yanga. Lero ndine mayi, ndipo ndikudziwa kuti iwo adangotchula chinthu chomwe ankayesa kuti chili kutali, ine n'kuchikokera pafupi ndi manja anga. Theka lija linali lotsekemera kwambiri.