Ndodo Inandikana Dzanja

Ndikukumbukira kuti ku Chinamwali, kuseri kwa nyumba yathu, tinali ndi bwalo lathulathu la gofu. Masewerowo tinaonera kwa mabwana omwe ankasewera pa bwalo lenileni m'tauni, ife tikusuzumira pochokera kumsika. Maenje athu anali zitini zokwirira pansi, mipira inali mandimu aawisi, ndodo tinkadula nthambi za gwafa zopindika kunsonga. Ukamenya bwino, fungo la mandimu linkakutsatira mpaka kunyumba.

Katswiri ndinali ine, izi musanditsutse. Mphwanga Limbani ndinachita kumuphunzitsa ndekha kagwiridwe ka ndodo akadali ndi mamina kumphuno. Kungoti ine ndine wamanzere. Pakudya amayi anandiwongola ndi makofi, polemba aphunzitsi anandiwongola ndi rula, koma nthambi ya gwafa inalibe nazo ntchito. Umangoitembenuza basi.

Tsiku lina Loweruka aphunzitsi a zamasewero anatitengera ku bwalo lenileni lija. Anati akuluakulu akumeneko asankha mwana mmodzi woti azimuphunzitsa ulere. Mmodzi yekha. Ine mumtima ndinali nditasankhidwa kale. Limbani anangopita nawo chifukwa amayi anati ndisamusiye.

Abale inu, udzu umene uja! Wofewa ngati bulangete latsopano, wonyowa ndi mame, phiri la Zomba litafunda nkhungu cha kumwambaku. Ndinachita manyazi kupondapo ndi mapazi anga a fumbi. Bambo wina wamtali wa chipewa choyera, yemwe ankaphunzitsa gofu pamenepo, anasolola ndodo zachitsulo m'chikwama. Ndinathamangira kutsogolo, n'kutola imodzi, n'kuima mbali yanga ya masiku onse. Mutu wa ndodo unaloza kumbuyo. Ndinaitembenuza uku ndi uku, osatheka.

"Iwe, waima kolakwika. Bwera mbali ino," anatero bambowo.

"Ndine wamanzere, bwana."

"Aa, ndiye pepa mwanawe. Zamanzere kuno tilibe. Tayesa chakumanja."

Ine ndikanadziwa bwanji kuti chitsulo nachonso chimasankha dzanja? Ndinayesa. Koyamba ndinamenya mphepo. Kenako ndinagaula udzu wokongola uja ngati ndikuunga mzere wa chimanga, anzanga n'kufa nazo kuseka. Kampira kali phee pomwepo.

Itakwana nthawi ya Limbani, anagwira ndendende momwe ndinamuphunzitsira. Thwa! Kampira koyera kanauluka n'kukagwera kutali, pafupi ndi kambendera. Bambo uja anavula chipewa.

"Anakuphunzitsa ndani iwe?"

Limbani anandiloza. Bambowo anandisisita kumutu, koma yemwe anamuuza kuti azibwera Loweruka lililonse anali Limbani.

Nsanje inandigwira koopsa. Pobwerera ndinamusiya Limbani m'mbuyo njira yonse. Loweruka likafika ndinkamuona akukwecha mapazi ndi mwala, akudzola mafuta mpaka kunyezimira, amayi akumukonza kolala ngati akupita kokabatizidwa. Ine ndinkapemphera kuti kugwe chimvula. Bwalo lathu la zitini ndinalisiya, linamera chisoso.

Lero Limbani akuphunzitsa gofu kunja. Amanditumizira zithunzi pafoni ali pa mabwalo akalekale a m'mphepete mwa nyanja yamchere, kopanda mtengo ndi umodzi womwe, chimphepo chikumukoka jekete, maenje a mchenga olekeza m'chiuno. Amati kumeneko n'komwe akatswiri amalimbirana zikho. Ndimayankha kuti, "Zabwino zonse, mphwanga." Koma kunena zoona, mumtima mumawirabe.

Chaka chatha anabwera kudzationa atanyamula mphatso yaitali yokulunga m'pepala. Ndodo yamanzere, yatsopano.

"Achimwene, masiku ano zimapezeka," anatero. "Ana amanzere akusewera ngati wina aliyense."

Ndinathokoza, ndipo ana amenewo ndimawakondwerera ndithu. Nditaigwira inakhala m'manja mwanga bwinobwino, mutu wake utaloza koyenera. Ndinatuluka nayo panja, n'kuikweza, phewa langa lokalambali n'kukana pakati panjira. Panopa imakhala kuseri kwa chitseko. Mayi a kunyumba amagwetsera mapapaya.